Musanapulintitse mapanelo a sitandi ya chionetsero, sankhani kaye chopulintapo

Ogasiti akamayandikira foni yanga siyikhala chete, ndipo ambiri oyimbawo ndi anthu akwathu a konkuno ku Harare, ena a ku Mbare, ena Mufakose, ena Highfield, nkhani yake imodzimodzi: achimwene tapeza malo ku chionetsero cha zaulimi, mutipangire zomata pa sitandi zotsika mtengo koma zooneka bwino. Ine ntchito yanga ndi yopulinta zikwangwani, ndakhala pa makinawa zaka ndithu, nde ndati ndilembe kamodzi zomwe ndimafotokoza pa foni zija, chifukwa zimandiwawa kuona munthu wavutikira ndalama ya malo, walipira, kenako tsiku lachiwiri mapanelo apindika kapena agwa, anthu akungodutsa osayima.

Musanafunse mtengo, musanatumize ngakhale logo, dziyankheni kaye zinthu zitatu. Sitandiyo ili mkati mwa holo kapena panja? Zopulintazo muzigwiritsa ntchito kamodzi kokha kapena mukufuna mudzapite nazo kwina? Nanga zikafika bwanji pamalopo, pa lole, pa kagalimoto kakang'ono kapena pa basi? Mukayankha izi, theka la zinthu zomwe opulinta angakuuzeni zimachoka zokha pa mndandanda. Zimbabwe Agricultural Show ija ya ku Exhibition Park imachitika kumapeto kwa Ogasiti, nthawi ya mphepo ndi fumbi, ndipo malo ambiri ndi apanja. Zionetsero za ku HICC, holo yaikulu ya misonkhano ya pa hotela ya Rainbow Towers, ndi zamkati, kuli magetsi owala, kulibe mphepo. Chionetsero cha zamalonda cha ZITF ku Bulawayo chimakhala cha mu Epulo ndipo ndi ulendo wa makilomita opitilira 400. Malo atatu amenewa safuna zinthu zofanana ayi.

Tiyambe ndi sitandi zamkati zomwe okonza chionetsero amakumangirani okha, zija timati shell scheme. Ndi mizati ya aluminiyamu yokhala ndi mapanelo oyera pakati, ambiri amangozitchula Octanorm potengera dzina la kampani ya ku Germany yomwe inatchukitsa kamangidwe kameneka. Malo wamba amakhala mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, khoma lililonse mapanelo atatu, kutalika kwake kupita m'mwamba pafupifupi mamita 2.5. Apa mpomwe ambiri amaphonya. Amamva kuti panelo ndi mita imodzi nde amapulintitsa mita imodzi yeniyeni, osadziwa kuti mzati umadya malo. Malo ooneka a panelo amakhala cha m'masentimita 95 m'lifupi, ndipo kupita m'mwamba amachepera pa mamita 2.5 aja chifukwa cha zitsulo za pamwamba ndi pansi. Miyezoyi imasiyana pang'ono malinga ndi omanga, choncho musatenge yanga, apempheni okonzawo akutumizireni pepala la miyezo, ndipo funsani ziwiri: muyezo wa malo ooneka ndi muyezo wa panelo yonse yolowa mu mpata wa chitsulo. Ngati mungathe kufika pamalopo tsiku lomanga, tengani tepi yoyezera mukayeze nokha.

Chaka china kunabwera mayi wina wopanga chiponde ndi ufa wa phala, anali atapulintitsa kale kwina chithunzi chimodzi chachikulu cha mwana akudya phala, chodulidwa patatu. Chithunzicho chinali chokongola zedi. Koma wodulayo sanawerengere mizati, nde atamata nkhope ya mwana inatambasuka, diso lina uku lina uko mzati pakati. Anandifunsa kuti, achimwene palibe chomwe mungachite? Ndinati amayi, chomwe chatsala n'kupulintanso panelo yapakati yokha tiikepo dzina ndi mabotolo anu, mwanayo timusiye. Zinatheka koma ndalama inatuluka kawiri. Mukafuna chithunzi chodutsa mapanelo angapo, wopanga dizayini achotse kachigawo kobisika ndi mzati, ndipo nkhope, logo ndi nambala ya foni zisagwere pa mzati. Njira yosavuta kwambiri n'kuti panelo iliyonse ikhale ndi nkhani yakeyake.

Tsopano zopulintapozo. Yotsika mtengo pa shell scheme ndi vinyl, kapulasitiki kaguluu kumbuyo kaja anthu amangoti sitika. Amapulinta n'kumata pa panelo yoyera ija basi. Koma mapanelowo si anu, ndi obwereka, ndiye nenani momveka kuti mukufuna vinyl ya removable, yomatuka osasiya guluu. Mukamata ya permanent, tsiku lophwasula mudzakhala mukupala ndi zikhadabo mpaka mdima, ndipo panelo ikawonongeka okonza amakulipiritsani. Funsaninso ngati amalola kumata n'komwe, ena salola, ena amafuna kuti omanga awo okha ndiwo amate. Mapanelo obwereka nthawi zambiri amakhala ndi zipsera ndi madontho a anthu akale, nde vinyl ya guluu wotuwa kumbuyo, ija ya grey back, imabisa bwino kuposa ya guluu woonekera. Dziwaninso kuti vinyl ikamatulidwa yatha, simungaikenso kwina. Ndi ya chionetsero chimodzi.

Vinyl ili mitundu itatu ikuluikulu ndipo musalole kugulitsidwa yodula pachabe. Monomeric ndi yotsika mtengo, pakapita nthawi imakhwinyata m'mphepete n'kusiya kamzere kaguluu komwe kamagwira fumbi, koma pa chionetsero cha sabata imodzi ndi yokwana. Polymeric ndi ya zikwangwani zokhala panja zaka zingapo, tengani imeneyi ngati mukumata pa bolodi yanuyanu yomwe mudzaisunga. Cast ndi yokutira magalimoto chifukwa imatsata mokhotakhota, pa khoma losalala n'kungotaya ndalama. Chomwe ndimalimbikira ndi nthawi youma. Makina ambiri kuno amagwiritsa inki ya solvent kapena eco-solvent, ndipo ikatuluka imaoneka youma koma mkati mwake mumakhala mukutulukabe mpweya wa mankhwala. Imafunika ikhale maola 24, yomasula osati yokulunga zolimba, asanaikutire ndi lamineti, kapulasitiki koonekera koteteza chithunzi kaja. Akafulumira, lamineti imatupa thovu, vinyl imafewa n'kumatambasuka pomata. Inki ya latex ndi ya UV sizifuna kudikira kumeneku, choncho ngati mwachedwa funsani kuti makina awo ndi amtundu wanji.

Bolodi yomwe ndimaikonda pa zamkati ndi ya PVC yofewa mkati, ena amati Forex ena Foamex, chinthu chake ndi chomwecho. Ndi yosalala, yoyera bwino, imadulika ndi mpeni wa Stanley, siopa madzi. Imabwera kawirikawiri pa muyezo wa mamilimita 2440 ndi 1220, ndipo kukhuthala kwake kuli 3, 5 ndi 10. Ya mamilimita 3 ndi yomata pa khoma, yonse yathunthu imalemera cha m'makilogalamu 5, Velcro, tepi ya mbali ziwiri zogwirana ija, imaigwira popanda vuto. Ya 5 ndi yoti iime yokha pang'ono, monga kutsogolo kwa kauntala. Ya 10 ndi ya zilembo zodula ndi mashelefu ang'onoang'ono. Akhoza kupulinta pa vinyl n'kumata pa bolodi, kapena kupulinta pa bolodi penipeni ndi makina a UV aja ooneka ngati tebulo lalikulu. Yachiwiriyi ndi yofulumira ndipo palibe chomatuka, kungoti imakandika msanga ngati mabolodi akukhuzana. Ubwino wina wa Forex, mukhoza kuidula yotambalala pang'ono kuti iphimbe mizati, mabolodi n'kugundana m'mphepete, khoma lonse limaoneka limodzi. Velcro ikani mbali yofewa pa bolodi, mbali yokalipa pa mzati, m'mphepete monse osati pa makona pokha, ndipo pukutani kaye fumbi musanamate. Misomali ndi kuboola pa shell scheme n'zoletsedwa pafupifupi kulikonse.

Koma Forex ndi dzuwa sizimvana. Ikatentha imafutukuka, nde ngati mwaimanga zolimba ndi masikulu kumbali zonse ilibe kothawira, imatupa mimba pakati. Ikakhala ya mtundu wakuda kapena wabuluu wozama imamwa kutentha kwambiri, kupindika kwake kumakhala koipa. Harare ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, m'mawa wa Ogasiti kumazizira masana dzuwa limaswa mtengo, kusinthasintha kumeneku bolodi yopyapyala siipirira. Ngati mwakakamizika kuika panja tengani ya 5 kapena kuposa, mabowo a masikulu akhale okulirapo kuti iziyenda pang'ono, kumbuyo kukhale felemu. Ndipo ganizirani kanyamulidwe, bolodi ya mamita 2.4 siilowa mu kombi kapena mu Honda Fit. Ndaonapo anthu ataimanga pa denga la galimoto ndi chingwe chimodzi, kufika pa msewu wa Samora Machel mphepo yaithyola pakati. Pezani bakkie, galimoto yotsegula kumbuyo ija, bolodiyo muigoneke chafufumimba, pakati pa mabolodi muike mapepala kapena makatoni, makona muwakulunge chifukwa ndi omwe amayamba kubenthuka.

Correx nonse mumaidziwa, ndi ija amapachika pa mapolo a magetsi nthawi ya zisankho ndi ya ogulitsa nyumba. Ndi pulasitiki wa mabowo mkati ngati katoni, yopepuka, yotsika mtengo, mvula siichita kanthu. Anthu ambiri amaithamangira chifukwa cha mtengo, ine ndimati pa khoma lalikulu la sitandi ayi. Mizere yamkati ija imaonekera pa chithunzi, nkhope ya munthu imakhala ngati yalembedwa pa malata, ndipo munthu woima pafupi amaona kuti apa anapulumutsa ndalama. Ntchito yake ndi zikwangwani zolozera njira, mitengo ya katundu, mayina a mbewu m'timinda tachitsanzo, manambala a makola a ziweto. Pamenepo ilibe mnzake. Podula mizere iyende choimirira kuti ilimbe.

Pali mabolodi ena a thovu pakati, pepala kunja, ngati Kapa, opepuka kwambiri ndipo amapulintika mokongola koma chala chimodzi chimasiya chibowo ndipo chinyezi amachiopa, ndi a tsiku limodzi kapena awiri mu holo. Palinso Xanita ya ku South Africa, yopangidwa ndi mapepala obwezeretsedwa, yokhuthala moti amamangira makauntala ndi makoma oima okha. Ndi yabwino koma ya mkati basi, ndipo funsani msanga ngati ilipo.

Tibwere panja, komwe akwathu ambiri amapeza malo, pa tenti kapena pa gazebo. Mdani wamkulu ndi mphepo. Chilichonse chachikulu chosabooka chimasanduka thanga la ngalawa. Banner wamba wa PVC, wolemera magalamu 440 pa sikweya mita, ndi wabwino ngati kumbuyo kwake kuli khoma kapena felemu yolimba. Uzani opulinta apinde m'mphepete n'kuwotcherera, maringi achitsulo aike motalikirana masentimita pafupifupi 50, osati pa makona anayi okha, chifukwa mphepo ikakoka pa malo anayi ringi imazuka ndi nyama yake. Mangani ndi zingwe zotamuka zija za bungee, zimapatsa mpata mphepo ikawomba, pomwe waya amang'amba. Ngati dzuwa lidzakhala kumbuyo kwa banner tengani blockout, yomwe ili ndi kansalu kakuda pakati, apo ayi masana mizati ndi mithunzi ya anthu imaonekera ndipo mawu sawerengeka. Pa mpanda kapena pamalo a mtetete tengani mesh, ija ya timabowo tambirimbiri, mphepo imadutsa. Mesh imafooketsa mitundu pang'ono ndipo tizilembo tating'ono timasowa, nde lembani zazikulu, mawu ochepa. Anthu ena amadula timabowo ta mwezi pa banner wamba kuti mphepo idutse, sizithandiza kwenikweni ndipo kung'ambika kumayambira pomwepo.

Kwa omwe ali ndi kanyumba kokhazikika pa bwalo la chionetsero chaka ndi chaka, apo ndi pa Chromadek kapena Dibond. Chromadek ndi lata losalala lopentedwa kale, lomwe lili pa zikwangwani zambiri za mashopu m'tauni muno, mumamatapo vinyl ya polymeric ndi lamineti, felemu akakuwotchererani ku Siyaso ku Mbare, limakhala zaka. Kungoti ndi lolemera, m'mphepete mwake ndi mwakuthwa, podulapo pamachita dzimbiri ngati simupenta, ndipo likapindika silibwerera. Dibond, ena amati ACP, ndi timalata tiwiri ta aluminiyamu ndi pulasitiki pakati, ya mamilimita 3 ndi yowongoka ngati galasi, siichita dzimbiri, siitupa mimba ngati Forex, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo kulemera kwake kumaposa kawiri Forex ya kukhuthala komweko, Velcro yokha musaidalire. Perspex, pulasitiki wooneka ngati galasi uja, ndi ya logo ndi zoyatsa magetsi kumbuyo, pa khoma lonse ndi yodula komanso imasweka.

Nsalu ndiyo ndimafuna akwathu aiganizire kwambiri, chifukwa ambiri amaithawa akamva mtengo woyamba. Ndi polyester yopulintidwa ndi dye sublimation, inki imatenthedwa pa madigiri pafupifupi 200 n'kusanduka mpweya n'kulowa mu ulusi weniweni, nde siisupuka ndipo mukhoza kuichapa. M'mphepete amasokerera kalamba ka silikoni, mumakakankhira mu mpata wa felemu ya aluminiyamu, nsalu imakungika ngati ng'oma, makwinya onse kutha. Amati SEG. Khoma la mamita 3 limatuluka chinthu chimodzi chopanda msoko chifukwa makina akuluakulu amafika mamita 3.2 m'lifupi, vuto la mizati lija silikhalapo. Siinyezimira, zithunzi za pa foni zimatuluka bwino. Ndipo chomwe chimandisangalatsa, khoma lonse limalowa mu chikwama. Felemu imaphwasulika kukhala timizati tatifupi. Munthu akhoza kukwera basi kupita ku Bulawayo, kapena kudzera pa Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kukaonetsa pa Chichiri ku Blantyre, katundu wake yense wa sitandi ali pambali pake. Yesani zimenezo ndi mabolodi 9 a Forex muone ndalama ya katundu ndi makona othyoka. Felemu mumagula kamodzi, chaka chamawa mukasintha mitengo kapena katundu mumangopulintitsa nsalu ina.

Ili ndi zovuta zake. Si onse kuno ali ndi makina akuluakulu a nsalu, ena amatumiza ku Johannesburg nde werengerani masiku ochedwa pa malire a Beitbridge. Muyezo umafunika wosamala chifukwa nsalu imatamuka, choncho felemu ndi nsalu zichokere kwa munthu mmodzi, akalakwitsa akonze yekha. Fumbi lofiira la Ogasiti pa nsalu yoyera limaoneka tsiku loyamba lomwelo, nde panja pewani zoyera kwambiri makamaka kumunsi. Pochapa madzi ozizira, sopo wofewa, osaika jiki, osasita ndi ayironi yotentha, ndipo ivekeni pa felemu ikadali yonyowa pang'ono iumire pomwepo. Poveka yambani makona anayi, kenako pakati pa mbali iliyonse, kenako muzimalizitsa kupita ku makona, mukayamba mbali imodzi mpaka kumapeto mudzapeza yatsala kapena yaperewera. Manja akhale oyera. Ngati mukufuna yoyaka magetsi kumbuyo nenani poyamba, nsalu ya lightbox ndi ina ndipo inki amaikhuthalitsa.

Ma pull-up aja okoka kuchokera mu kabokosi, ambiri ndi mamilimita 850 ndi 2000. Chinsinsi chake ndi chopulintapo. Akaika banner wamba wa PVC, pakatha masiku ochepa m'mphepete mumapiringizika ngati tsamba la nthochi louma. Funsani filimu yosapindika ya grey back. Panja pull-up imagwa ndi kamphepo kakang'ono, musavutike nayo.

Lamineti: matt yosanyezimira kapena gloss yonyezimira? Mu holo tengani matt. Ndikudziwa kuti gloss imakopa maso ikakhala pa tebulo la opulinta, mitundu imaoneka yonyowa, koma pa sitandi pamakhala magetsi olunjika pa khoma, nde pomwe pali dzina lanu pamangooneka chiwalitsiro choyera, ndipo aliyense wojambula ndi foni amatenga kuwalako m'malo mwa nambala yanu. Matt imabisanso zala ndi tizipsera. Gloss isiyireni zapanja zomwe muzizipukuta ndi nsalu yonyowa. Ngati mukumata pansi popondapo anthu pali lamineti yake yokhakhala yosaterera, musaike wamba, munthu akhoza kugwa.

Ngakhale mutasankha bolodi yabwino bwanji, fayilo yoipa imaononga zonse. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa, pa foni chimaoneka bwino koma chikakula kufika mamita awiri chimakhala timabokosi. Tumizani ngati document, kapena pa imelo, kapena bwerani ndi flash. Logo ikhale ya vector, yosasanduka timabokosi ikakulitsidwa, mu fayilo ya PDF kapena AI kapena CDR ya CorelDRAW yomwe opulinta ambiri kuno amagwiritsa, ndipo zilembo azisandutse zojambula, zija amati ma curves, kuti zisasinthe pa kompyuta ina. Logo yojambula pa risiti kapena yotenga pa Facebook siitheka, bola mulipire munthu aijambulenso, mudzaigwiritsa zaka. Zithunzi zikhale ndi dpi, timadontho ta pa inchi imodzi, 100 mpaka 150 pa muyezo weniweni wa panelo, kupitirira apo n'kungolemetsa fayilo chifukwa khoma anthu amalionera patali. Siyaninso kamalo kowonjezera m'mphepete kodulira, opulinta akuuzani kuti mamilimita angati.

Mitundu nayo. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, amati RGB, makina amapaka ndi inki, amati CMYK, nde buluu wowala amatha kutuluka wopita ku pepo, olenji amafooka, girini wowala uja amazima. Komanso fayilo imodzimodziyo imatuluka mosiyana pa vinyl, pa nsalu ndi pa Forex. Musanalipire zonse pemphani kachidutswa kachitsanzo pa chinthu chenichenicho chomwe mwasankha, kokhala ndi logo, nkhope ya munthu ndi tizilembo tating'ono kwambiri, mukaone panja pa dzuwa ndi mkati momwe. Pa nkhope ndi poyang'anitsitsa, khungu lathu makina ena amalitulutsa lofiirira kapena lakuda bii osaoneka maso, wopanga dizayini akhoza kuwalitsa pang'ono. Mapanelo a khoma limodzi apulintidwe pa makina amodzi tsiku limodzi, mukagawa ntchito kwa anthu awiri mudzapeza girini wamitundu iwiri atagundana.

Za kalembedwe ndingonena pang'ono. Mita yoyamba kuchokera pansi imabisika ndi tebulo, mipando, makatoni ndi miyendo ya anthu, musaikepo chofunika. Dzina, chomwe mumagulitsa ndi nambala zikhale kuyambira pa chifuwa kupita m'mwamba. Ife timayerekeza kuti pa mamita 3 aliwonse omwe munthu waima, chilembo chikule masentimita awiri ndi theka, nde kuti munthu awerenge ali mamita 6 zilembo zisachepere masentimita 5, ndipo mutu ukhale waukulu kuposa apo. Mitengo ya katundu musaipulinte pa khoma lodula, kuno imasintha, lero ya USD mawa ya ZiG, ndalama ya kuno, iikeni pa ka Correx kapena pa pepala lolamineta lomata ndi Velcro. Deti ndi dzina la chionetsero chimodzimodzi, mukazilemba pa nsalu mwaipha chaka chomwecho.

Okonza ena, makamaka a mu maholo akuluakulu, amafuna kuti nsalu ndi mabolodi zikhale zosagwira moto msanga, mudzamva akuti B1 kapena M1. Werengani kabuku ka malamulo komwe amakupatsani mukalipira malo, ngati zalembedwa pemphani opulinta akupatseni satifiketi yake. Ndipo nthawi abale. Sabata yomaliza makina onse a ku Graniteside, Msasa ndi Workington amakhala odzaza ndi ntchito za makampani akuluakulu, magetsi akathima pakati pa kupulinta panelo imeneyo imayambidwanso, bolodi nazo zimatha m'masitolo. Bwerani patatsala masabata atatu. Koteshoni ilembe dzina la chopulintapo, kukhuthala kapena kulemera kwake, mtundu wa lamineti, komanso ngati kumata ndi kunyamula zili momwemo, chifukwa makoteshoni awiri osiyana mtengo nthawi zambiri si a chinthu chimodzi.

Mukandifunsa kuti ine ndingatani ndi ndalama zochepa mu shell scheme ya 3 ndi 3, ndingaveke khoma lakumbuyo lokha ndi Forex ya 3 ya matt, makoma am'mbali ndiwasiye oyera ndiikepo katundu weniweni pa mashelefu, kutsogolo pull-up imodzi. Khoma limodzi lopangidwa bwino limakoka maso kuposa atatu a Correx. Ngati ndikudziwa kuti chaka chino ndipita zionetsero zitatu kapena kuposa, ndingalimbe mtima ndigule felemu ndi nsalu. Panja pa gazebo, mesh kumbali yochokera mphepo, blockout kumbuyo, miyendo ya gazebo ndiimangirire ku matumba a mchenga.

Tsiku loika tengani kabokosi kanu: tepi yoyezera, mpeni ndi malezala atsopano, Velcro yowonjezera, tepi yomata mbali ziwiri, ma cable tie, kansalu kofewa, sipiriti wopukutira, ndi kamakwerero chifukwa ka aneba kamakhala kotanganidwa. Kumbuyo kwa panelo iliyonse lembani nambala ndi kamuvi kolozera kumwamba. Pomata vinyl yaikulu khalani awiri, yambani pamwamba muzitsika pang'onopang'ono ndi squeegee, kapulasitiki kosalazira kaja, kuchokera pakati kupita kumbali, thovu likatsala liboleni ndi singano osati mpeni.

Pophwasula ndi pomwe zinthu zambiri zimafera, aliyense watopa akufuna kwawo. Forex musaikoke pa kona imodzi, lowetsani dzanja kumbuyo mumasule Velcro pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Pukutani fumbi musanaunjike, mabolodi ayang'anizane nkhope ndi nkhope pepala pakati, kunyumba agone pansi posalala kapena pansi pa bedi, mukawatsamiritsa pa khoma miyezi ingapo amapindika osabwereranso. Banner musaipinde ngati bulangeti, mzere wake sutha, ikulungeni pa paipi chithunzi chili kunja ndipo ikhale youma. Nsalu ichapeni kaye isanalowe mu chikwama, kalamba ka silikoni musakathyole popinda, ndipo tizitsulo ta makona a felemu ndi kasipanala kake muziike mu kathumba kamodzi mukamangirire ku felemu komweko.